Prime ya madijiti 41,024,320: akudziwa bwanji kuti singagawike?

Tiyamike: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa masamu. Akuti prime yaikulu kuposa zonse zodziwika ndi 2^136,279,841 − 1, ndipo ili ndi madijiti 41,024,320. Kusukulu tinaphunzira kuti prime ndi nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. Pofuna kudziwa ngati 29 ndi prime timaigawa ndi 2, 3, 5, n'kuona kuti ikukana. Nanga iyi anaigawa ndi manambala angati? Ndani angalumbire kuti palibe nambala yobisala penapake yomwe ingaigawe?

Mphatso: Kwa omwe kachizindikiro ka ^ kakuwasokoneza: mulembe ma 2 okwana 136,279,841, muwachulukitse onse, kenako muchotsepo 1. Anaipeza ndi Luke Durant wa ku San Jose, California, mu Okutobala 2024, kudzera mu GIMPS, gulu la anthu odzipereka ofufuza ma prime akuluakulu, lomwe George Woltman anayambitsa mu 1996. Yomwe inali patsogolo isanabwere iyi ndi 2^82,589,933 − 1 ya mu Disembala 2018, ya madijiti 24,862,048. Yankho lachidule, achemwali, ndi loti umboni wake sudalira kugawa.

Kondwani: Apo ndiye pandivuta. Ngati sanaigawe ndi manambala onse, ndiye kuti akungoganizira. Kompyuta ikatopa amangoti basi ndi prime?

Nachisale: A Kondwani, kugawako n'kosatheka ngakhale mutafuna. Kuti muyese mwanjira ya kusukulu muyenera kufika pa sikweya ruti ya nambalayo, ndipo sikweya ruti ya iyi ili ndi madijiti opitirira 20 miliyoni. Ma atomu a m'chilengedwe chonse chooneka, asayansi amawayerekeza ndi nambala ya madijiti pafupifupi 80 okha. Ndiye onani kusiyana kwake. Palibe makina amene angamalize ntchito imeneyo.

Njira yomwe ilipo ndi ya Lucas ndi Lehmer, ndipo imagwira pa manambala a mtundu wa 2^p − 1 okha, p ikakhala prime yoposa 2. Mumayamba ndi 4. Mumaichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuchotsa 2, n'kugawa ndi nambala yomwe mukuiyesayo, n'kusunga chotsala. Chotsalacho mumachichita chimodzimodzi. Mumabwereza maulendo p − 2. Mukathera pa 0, ndi prime. Mukathera pena paliponse, si prime.

Tiyeni tione ndi 31, yomwe ndi 2^5 − 1. Maulendo ndi 3.
4 × 4 − 2 = 14
14 × 14 − 2 = 194, kugawa ndi 31 kutsala 8
8 × 8 − 2 = 62, kugawa ndi 31 kutsala 0
Yatha. Tiyamike, tayesa 127.

Tiyamike: 127 ndi 2^7 − 1, ndiye maulendo 5. Ndapeza 14, kenako 67, kenako 42, kenako 111. Womaliza 111 × 111 − 2 = 12,319, ndipo 127 × 97 = 12,319 ndendende. Chotsala 0! Madam, izi zandidabwitsa kwambiri.

Chisomo: Ine ndayesa 2,047, yomwe ndi 2^11 − 1. Zotsala zikuyenda 14, 194, 788, 701, 119, 1877, 240, 282, 1736. Sizinafike pa 0.

Nachisale: Zakhoza. 2,047 ndi 23 × 89. Koma taonani chinthu chimodzi: njirayi yakuuzani kuti 2,047 si prime, osakuuzani zoigawa zake. Alipo manambala ambirimbiri a mtundu uwu omwe tikudziwa kuti amagawika, koma palibe yemwe anapezapo nambala yowagawa.

Kondwani: Zitsanzo zitatu zagwira, chabwino. Koma zitatu si umboni. N'chifukwa chiyani 4, n'chifukwa chiyani kuchotsa 2? Zikuoneka ngati wina anangoyesayesa mpaka zinagwirizana.

Nachisale: Funso limeneli ndi lomwe ndimalifuna, ndipo ndiliyankha motalika pang'ono chifukwa mtima wa nkhani yonse uli apa.

Tengani 2 + √3 ndi 2 − √3. Mukawaphatikiza mupeza 4. Mukawachulukitsa mupeza 1. Sikweya ya woyamba ndi 7 + 4√3, ya wachiwiri ndi 7 − 4√3, kuphatikiza 14. Mukapanganso sikweya n'kuphatikiza mupeza 194. Ndiye mndandanda uja wa 4, 14, 194 sunangotoledwa. Ndi 2 + √3 yomwe ikupangidwa sikweya mobwerezabwereza, pamodzi ndi mnzake. Ka 2 komwe timachotsa kaja kamachokera pa kuti kuchulukitsa awiriwa kumapereka 1.

Tsono tiyerekeze kuti mndandanda wathera pa 0, koma nambala yathu, tiitche M, ili ndi zoigawa. Titenge prime yaing'ono kwambiri mwa zoigawazo, tiitche q. Popeza ndi yaing'ono kwambiri, q × q singapose M. Tiyang'ane manambala onse a mtundu wa a + b√3, pomwe a ndi b ndi zotsala pogawa ndi q. Otere alipo q × q okha, ndipo tikachotsapo 0 atsala ochepera pa M. Koma kuthera pa 0 kuja kumatanthauza kuti mukamachulukitsa 2 + √3 ndi iyo yomwe, kamodzikamodzi, simubwerera pa 1 mpaka ulendo wa 2^p, ndipo mayankho onse a m'njiramo ndi osiyana. Ndiye tikufuna mayankho 2^p osiyana kuchokera m'gulu lomwe mamembala ake sakwana ngakhale 2^p − 1. Sizingatheke. Choncho q kulibe.

Mwaona? Sitinafufuze q paliponse. Tangosonyeza kuti ilibe pokhala. Mbali inayo, yoti prime iliyonse ya mtundu uwu imatheradi pa 0, ilinso ndi umboni wake, koma ndi wautali kuti ulembedwe pano. Édouard Lucas anayamba njirayi m'zaka za m'ma 1870, D. H. Lehmer anaikonza bwino mu 1930.

Kondwani: Ndawerenga kawiri. Masamuwo ndawavomera. Chatsala ndi makinawo. Maulendo 136 miliyoni, ulendo uliwonse nambala ya madijiti 41 miliyoni ikuchulukitsidwa ndi iyo yomwe. Dijiti imodzi italakwika pakati, ndani angaone?

Mphatso: Achimwene, zolakwika zimachitikadi, makamaka kompyuta ikatentha kapena memory ikakhala ndi vuto. Koma ganizirani mbali yomwe cholakwikacho chingakupwetekeni. Dijiti imodzi ikasokonekera, zonse zotsatira zimasanduka zinyalala, ndipo mwayi woti zinyalala zithere pa 0 ndendende, pakati pa zotsala zochuluka choncho, ndi wosawerengeka n'komwe. Choopsa chenicheni ndi kuphonya prime yeniyeni, n'chifukwa chake GIMPS imatsimikiziranso ngakhale manambala omwe alephera.

Pa iyi, makina oyamba kunena kuti mwina ndi prime anali GPU (chipangizo cha kompyuta chowerengera masamu ambiri nthawi imodzi) ya NVIDIA A100 ku Dublin, pogwiritsa njira ya Fermat, yomwe imangoti "mwina ndi prime". Kenako ya H100 ku San Antonio, Texas, inatsimikiza ndi njira ya Lucas ndi Lehmer. Anthu ena anabwerezanso ndi mapulogalamu osiyana pa makina osiyana. Durant ankagwirapo ntchito ku NVIDIA, ndipo anabwereka ma GPU masauzande a pa intaneti m'mayiko 17. Aka kanali koyamba kuti GIMPS ipeze prime ndi GPU, zam'mbuyo zonse zinkapezeka ndi makompyuta wamba.

Chinanso chomwe chimandisangalatsa ndi momwe nambalayi imaonekera m'kati mwa kompyuta. Mu binary, kalembedwe ka manambala ka 0 ndi 1 basi, 7 ndi 111, 31 ndi 11111, 127 ndi 1111111. Iyi ndi ma 1 okhaokha 136,279,841, popanda 0 ngakhale mmodzi. Zimenezi zimapeputsa kugawa. Tengani 194 uja wa madam. Mu binary ndi 11000010. Dulani madijiti 5 akumapeto, mupeza 00010, yomwe ndi 2. Otsala kutsogolo ndi 110, yomwe ndi 6. Phatikizani, 8. Ndi chotsala chomwe chija, popanda kugawa. Ntchito yolemera imatsala pa kuchulukitsa basi, ndipo kumeneko amagwiritsa FFT, njira yachangu yochulukitsira manambala aatali.

Tiyamike: Ndiye n'chifukwa chake ma prime akuluakulu odziwika ambiri ndi a mtundu umenewu?

Mphatso: Eya. Sikuti ma prime a mitundu ina kulibe kumeneko. Alipo ochuluka kwambiri, kungoti awa ndi omwe ali ndi njira yachangu yowayesera.

Limbani: Ndilowepo ndi mbiri pang'ono. Dzina loti ma prime a Mersenne likuchokera kwa Marin Mersenne, wansembe wa ku France. Mu 1644 iye analemba kuti, pa ma p osapitirira 257, 2^p − 1 ndi prime p ikakhala 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Analakwitsa pa 67 ndi 257, ndipo anadumpha 61, 89 ndi 107. Kuti anthu atsimikize mndandanda wonsewo zinatenga zaka pafupifupi 300. Euler anatsimikiza 2^31 − 1 mu 1772. Lucas anatsimikiza 2^127 − 1 mu 1876, ya madijiti 39, ndi manja. Mu 1903 Frank Nelson Cole anasonyeza kuti 2^67 − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Makompyuta atalowa, Raphael Robinson anapeza asanu m'chaka chimodzi cha 1952. Iyi ya 2024 ndi ya 52 kupezeka. Tangoganizani, kuyambira nthawi ya Agiriki mpaka lero, 52 basi.

Chisomo: Ndaona kuti ma p onsewo ndi ma prime. Ndi lamulo?

Nachisale: Ndi lamulo, ndipo binary ya a Mphatso ikuonetsa bwino. 63 ndi ma 1 okwana 6. Mutha kuwadula awiriawiri, 11 11 11, ndiye igawika ndi 3. Mutha kuwadulanso atatuatatu, 111 111, ndiye igawika ndi 7. Ma 1 akakhala oti angadulidwe m'magulu ofanana, nambalayo yagawika kale. Choncho 136,279,841 nayonso ndi prime. Koma p kukhala prime sikokwanira, 11 watiwonetsa.

Pali lamulo lina la Fermat: chilichonse chogawa 2^p − 1 chimakhala 2 × k × p + 1, pomwe k ndi nambala yathunthu. Taonani 23 = 2 × 11 + 1 ndi 89 = 8 × 11 + 1. Ndiye pa nambala yathu yaikuluyi, asanayatse n'komwe kompyuta, ankadziwa kale kuti palibe nambala yochepera 272,559,683 yomwe ingaigawe.

Tiyamike: Madam, nanga tingadziwe china chilichonse cha madijiti ake osawaona? Ndawerengera kuti munthu atamatchula dijiti imodzi pa sekondi, osagona, zingamutengere masiku pafupifupi 475.

Nachisale: Zambiri, ndipo ungazipeze wekha papepala. Mapawa a 2 amathera 2, 4, 8, 6, n'kubwereranso 2, 4, 8, 6. Gawa 136,279,841 ndi 4, kutsala 1, ndiye pawayo ithera ndi 2. Chotsapo 1, dijiti yomaliza ndi 1. Madijiti atatu omaliza amabwerera pakatha mapawa 100 alionse, ndiye ingoyang'ana 2^41, yomwe ndi 2,199,023,255,552. Nambala yathu ithera 551.

Kutsogolo timagwiritsa log, pawa ya 10 yomwe imapereka nambala. Log ya 2 ndi pafupifupi 0.301029995664. Chulukitsa ndi 136,279,841, upeza 41,024,319.9453. Mbali yathunthuyo ukaonjezera 1 ndi kuchuluka kwa madijiti, 41,024,320. Kachidutswa ka 0.9453 kakupatsa poyambira: 10^0.9453 ndi pafupifupi 8.816, ndiye nambalayo imayamba 881.

Chisomo: Ndayesa ndi 9. Mapawa a 2 pogawa ndi 9 amasiya 2, 4, 8, 7, 5, 1 n'kubwerera. 136,279,841 kugawa ndi 6 kutsala 5, ndiye chotsala ndi 5, kuchotsa 1 ndi 4. Kodi zikutanthauza kuti wina ataphatikiza madijiti onse 41 miliyoni aja, n'kuphatikizanso madijiti a yankholo mpaka patsale imodzi, apeza 4?

Nachisale: Ndi choncho kumene. Nachi china chomwe ndimachikonda kuposa zonsezi. Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti nambala yathunthu iliyonse itha kulembedwa ngati masikweya osapitirira anayi ophatikizidwa. Ena amakwana ndi awiri, monga 13 = 9 + 4. Koma sikweya iliyonse pogawa ndi 8 imasiya 0, 1 kapena 4, ndipo mutasankha zitatu mwa izi mulimonse simungapeze chotsala 7. Nambala yathu mu binary ithera 111, ndiye pogawa ndi 8 imasiya 7. Choncho imafuna masikweya anayi onse, atatu sangakwane. N'chimodzimodzi 7 = 4 + 1 + 1 + 1, 31 = 25 + 4 + 1 + 1, 127 = 121 + 4 + 1 + 1.

Limbani: Musaiwale ma perfect number, omwe zowagawa zake zonse, kupatula mwini wake, zikaphatikizidwa zimabweza mwini wakeyo: 6 = 1 + 2 + 3, 28 = 1 + 2 + 4 + 7 + 14, kenako 496 ndi 8,128. Euclid anasonyeza kuti 2^p − 1 ikakhala prime, mukaichulukitsa ndi 2^(p − 1) mupeza perfect number. 7 × 4 = 28, 31 × 16 = 496. Euler anadzatsimikiza kuti onse ogawika ndi 2 amachokera njira imeneyi basi. Ndiye Durant anapeza ziwiri nthawi imodzi. Perfect number yatsopanoyo ili ndi madijiti 82,048,640 ndipo ithera ndi 6. Ngati ilipo perfect number yosagawika ndi 2, mpaka lero palibe anaipeza, palibenso anatsimikiza kuti kulibe.

Kondwani: Zonsezi n'zokoma, koma ndifunse mosabisa. Magetsi onsewo, ndalama zobwerekera makina, phindu lake n'chiyani? Ndinamva kuti ma prime akuluakulu ndi omwe amateteza zinsinsi pa intaneti. Ndiye iyi ikutetezanso?

Mphatso: Ayi, ndipo anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Njira ya RSA, ya Rivest, Shamir ndi Adleman ya mu 1977, imagwiritsadi ma prime awiri, koma pa kiyi ya ma bit (madijiti a binary) 2048 prime iliyonse imakhala ya madijiti 300 ndi pang'ono, ndipo mphamvu yake ndi yoti palibe akuwadziwa. Iyi dziko lonse likuidziwa, komanso yakula mopitirira muyeso. Singabise kanthu.

Abale ake aang'ono ndiwo amagwira ntchito. 2,147,483,647 ya Euler ija ndi malire a nambala za ma bit 32 zokhala ndi chizindikiro cha + kapena −, n'chifukwa chake makina akale owerenga masekondi kuyambira 1970 adzasokonekera pa 19 Januwale 2038. Mersenne Twister, njira yotulutsira manambala achisawawa yomwe ili mu Python, yakhazikika pa 2^19937 − 1. Pulogalamu ya GIMPS, Prime95, anthu amayesera nayo ngati kompyuta ili yolimba, ndipo inavumbula vuto m'ma processor a Skylake a Intel lomwe linamveka kumayambiriro kwa 2016. Pankhani ya ndalama, mphoto ya GIMPS ndi madola 3,000 okha. Yaikulu ndi ya Electronic Frontier Foundation, madola 150,000 kwa wopeza prime ya madijiti 100 miliyoni, ndipo pamenepo p iyenera kuposa 332 miliyoni.

Nachisale: Ine sindifuna kuikakamizira ntchito yomwe ilibe. Kwa ine kufunika kwake ndi koti prime iliyonse yatsopano ya mtundu uwu ndi umboni wina pa funso lomwe silinayankhidwe: kodi ma prime a Mersenne amatha kapena satha? Akatswiri ambiri amaganiza kuti satha, ndipo ali ndi kayerekezedwe ka momwe ayenera kutalikirana. Koma ndi 52 okha m'manja, aliyense wobwera amathandiza kuona ngati kayerekezedweko kakugwira. Mpata wa pakati pa 82 miliyoni ndi 136 miliyoni unali waukulu ndithu. Pamene ankailengeza n'kuti ma p ena a pakatipo asanatsimikizidwe onse, n'chifukwa chake ankati ndi ya 52 kupezeka, osati ya 52 pamndandanda.

Tiyamike: Koma ma prime onse, osati a Mersenne okha, amenewo tikudziwa kuti satha? Ndimakumbukira kuti ukachulukitsa ma prime onse n'kuonjezera 1 umapeza prime yatsopano.

Nachisale: Satha, Euclid anatsimikiza zaka zoposa 2,000 zapitazo. Koma pa kuonjezera 1 samala. 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 + 1 = 30,031, ndipo iyi ndi 59 × 509. Chomwe umboniwo ukunena ndi choti zoigawa zake sizili pa mndandanda womwe unayamba nawo. 59 ndi 509 ndi zatsopano. Chebyshev anapita patsogolo cha m'ma 1850: pakati pa nambala iliyonse yoposa 1 ndi kawiri kake pali prime. Choncho pakati pa nambala ya Durant ndi kawiri kake ilipo prime ina, ndipotu alipo ochuluka zedi, ngakhale palibe angatchule ndi imodzi yomwe.

Kondwani: Bwanji osangoyesa oyandikana nayo? Kuonjezera 2, kuonjezera 4, mpaka mugwire ina.

Mphatso: Kuonjezera 2 kumapereka 2^p + 1, ndipo imeneyo imagawika ndi 3 nthawi zonse p ikakhala yosagawika ndi 2. Yesani 33, 129. Kupitirira apo vuto ndi la kutalikirana. Pafupi ndi nambala N, ma prime amatalikirana pafupifupi ln N (mtundu wina wa log ya N), ndipo apa ndi cha m'ma 94 miliyoni. Ngakhale mutataya ogawika ndi timanambala ting'onoting'ono, otsala oti muwayese ndi mamiliyoni, aliyense wolemera ngati woyambayo. Mutaipeza yooneka ngati prime, njira ya Lucas ndi Lehmer siigwirapo, ndiye mungothera pa "mwina".

Tiyamike: Nanga ya kumbuyo kwake, kuchotsa 1? Ndaona kuti 31 − 1 = 30 imagawika ndi 5, ndipo 127 − 1 = 126 imagawika ndi 7. Ngakhale 2,047 − 1 = 2,046 ndi 11 × 186. Zangochitika?

Nachisale: Sizinangochitika, wapeza wekha lamulo laling'ono la Fermat: p ikakhala prime, 2^p − 2 imagawika ndi p. Ndiye nambala yomwe ili kumbuyo kwenikweni kwa prime yathu imagawika ndi 136,279,841 popanda chotsala. Ndipo popeza 136,279,840 imagawika ndi 32 komanso ndi 5, nambala yomweyo imagawikanso ndi 3, 5, 11, 17, 31, 41, 257 ndi 65,537. Amene akufuna kuzolowetsa dzanja ayese 8,191, yomwe ndi 2^13 − 1. Maulendo ndi 11, ndipo mulembe zotsala zonse kuti tifananize.